Zitsulo za M'nthiti

Zinafika Lachitatu m'makatoni awiri aatali kuposa ine.
Woyendetsa lole anazitula pa chipale chofewa
n'kugwira msana.
Pepala la m'katimo likuti: anthu awiri, maola awiri.
Anthu tilipodi awiri, ine ndi mwana wanga Marisela.
Koma za maolazo, amene analemba pepalali
sanagonepo chagada pa simenti ya ku Silverton
mwezi wa Epulo.

Ndalowa kunsi. Kuno galimoto sibisa kanthu:
matope a chaka chatha, mchere wa mumsewu,
udzu umene mbewa inaunjika pamwamba pa thanki.
Marisela wagoneka chitsulo pa jeke.
Kweza. Pang'ononso. Ima!
Bawuti yoyamba yalowa ngati yobwerera kwawo.
Yachiwiri yanyinyirika, koma yalowa.
Yachitatu yakana.

Bowo la chitsulo ndi bowo la chasisi
akuyang'anana cham'mbali
ngati abale oyambana amene akumana pamaliro.
Kusiyana kwake ndi chikhadabo chabe.
"Anaboola molakwika," akutero Marisela,
"tibweze."
Ndakhala chete, dzimbiri likundigwera m'maso,
chifukwa a kufakitale sanalakwe.
Amene anakhotetsa apa ndikumudziwa.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
panjira yokwera ku mgodi wakale,
pamene msewu umatha n'kutsala miyala yokha.
Bambo anatsika, naima kutsogolo,
manja m'mwamba, kundilozera poponda tayala.
Analoza kumanzere.
Ine ndinaona phompho kumanzereko, ndinakhotera kumanja.
Thanthwe linalandira galimoto m'nthiti: gu!
Phokoso lija ndinalimvera m'mano.

Sanakalipe.
Anagwada, nasisita popindikapo ndi chala chachikulu,
nati, "Eloy, mwalawu unafika kuno ife tisanabadwe.
Bwerera m'mbuyo, uyambenso."
Kuyambira tsikulo chitseko cha mbali imeneyo
chimatsekeka pokhapokha uchikankhe ndi bondo.
Anachikankha ndi bondo zaka khumi ndi ziwiri
osatchulapo dzina langa.

"Ndipatse tupa," ndikutero.
Ndikukuza bowo pang'onopang'ono,
phulusa lachitsulo likundithothokera pakhosi.
Dzuwa lachoka pakhomo la galaja,
khofi wazizira pamwamba pa batire,
zala zasiya kumva sipanala.
Marisela wagwira tochi m'kamwa,
dzanja lina pa jeke, lina pa nati,
ndipo akulankhula tochi ili pakati pa mano:
"Mwagula izi chifukwa mu Julaye ndiyendetsa ine.
Mukuganiza kuti ndikagunda."

Ndikanatha kunama.
Ndikanati ndi zopondapo pokwera,
kuti mawondo anga akalamba.
Ndati, "Ukagunda. Aliyense amagunda.
Ndikufuna kuti ukagunda, galimoto itsetsereke pamwalapo,
ipitirire."
Walavula tochi. "Nanga inu munatsetsereka?"
"Ayi."
"Koma munafika pamwamba."

Bawuti yalowa cha m'ma naini usiku.
Ndamanga mpaka sipanala yati tha!
Chitsulo chakuda chagona m'litali mwa galimoto,
chaphimba chipsera chija chonse,
moti mlendo sangadziwe kuti panachitika kanthu.
Marisela wakwerapo ndi miyendo yonse iwiri,
akudumpha, galimoto yonse ikugwedezeka,
chitsulo chili nji.

Iye atalowa m'nyumba ndatsalira.
Ndapisa dzanja kuseri kwa chitsulo chatsopano,
pampata wongokwana zala ziwiri,
ndipo popindika paja ndapapeza,
pozizira, posalala ndi zaka.

Mbali inayo tidzamanga mawa.
Kumeneko mabowo adzagwirizana, ndikudziwa,
maola awiri adzakwana.
Ndazimitsa nyale,
ndakankha chitseko ndi bondo.